Ndiwo za alendo m'misika ya Moatize ndi Zóbuè

Aliyense amene adayendapo pa msewu wochoka ku Mwanza kupita ku Tete akudziwa kuti ulendowo ngwotsetsereka. Munthu akadinditsa chiphaso pa chipata cha Zóbuè amakhala ali pakati pa mapiri, kumene m'miyezi ya Juni ndi Julayi m'mawa simutulukika popanda chofunda. Akayenda makilomita pafupifupi 100 kutsikira ku Moatize, kamphepo kaja kamatheratu, milambe ndi mitengo ya masau imayamba kuoneka, ndipo dzuwa la m'chigwa cha Zambezi limamuuza lokha kuti wafika kwina. Kusiyana kwa nyengo kumeneku ndiko kwakhala kukudyetsa mabanja ambiri kwa zaka zochuluka. Kumtunda, ku Zóbuè, ku Tsangano ndi ku Angónia, kumalimidwa kabichi, matimati, anyezi, nyemba ndi mbatata ya kachewere, pamene kumunsi kuli anthu olandira malipiro a pamwezi amene alibe madimba. Madengu ndi matumba amatsika, ndalama zimakwera.

Malonda amenewa ali ndi ogula atsopano, ndipo adawabweretsa ndi malasha. Mu 2004 kampani ya Vale ya ku Brazil idapatsidwa mwayi wokumba malasha ku Moatize, ndipo malasha oyamba adatuluka mu 2011. Mgodi wa Benga, umene udayambitsidwa ndi Riversdale ya ku Australia n'kugulidwa ndi Rio Tinto mu 2011, udagulitsidwanso mu 2014 kwa ICVL, mgwirizano wa makampani a boma la India. Mu 2013 kampani ya Jindal idatsegula mgodi wake ku Chirodzi, tsidya lina la Zambezi. Kenaka mu 2022 Vale nayo idagulitsa mgodi wa Moatize, pamodzi ndi njanji yodutsa m'Malawi kupita ku Nacala, kwa kampani ya Vulcan imene eni ake ndi a ku India. Motero akatswiri a makina, owerengera ndalama ndi akapitawo ochokera ku India adadzakhala pakati pathu, kuwonjezera pa anthu a ku China amene amabwera pa ntchito zomanga ndi zamalonda.

Munthu amasiya abale kwawo koma lilime sasiya. Alendowa afuna ndiwo zimene adazolowera, ndipo masitolo a ku Tete ndi ku Moatize ayamba kudzaza mashelefu ndi mapaketi olembedwa mayina amene ambiri a ife sitidawamvepo. Pamsika zimachitikanso zomvetsa chisoni. Wogula amafika pa benchi la mayi wina n'kufunsa bhindi, mayiyo n'kupukusa mutu kuti alibe, wogula n'kubwerera ndi ndalama zake, chonsecho therere lili m'dengu pansi pa benchi lomwelo. Bhindi ndiye therere lobala. Malonda otayika chifukwa cha dzina lokha ndiwo atichititsa kulemba nkhaniyi, kuti abale ndi alongo ogulitsa, ophika m'nyumba za alendo, ndiponso amayi ofuna kusintha ndiwo pakhomo adziwe chimene chili m'mapaketi muja ndi chimene chili kale m'madimba mwawo.

Alendo akalekale

Tikumbutsane poyamba kuti Amwenye sadayambe kufika m'chigwa cha Zambezi chifukwa cha malasha. Mu 1686 akuluakulu a Chipwitikizi adapatsa amalonda a ku Diu chilolezo chochita malonda ndi chilumba cha Mozambique, ndipo kuchokera kumeneko nsalu ndi mikanda ya ku India idalowa mpaka ku Sena ndi ku Tete. Anthu a ku Goa adakhala eni minda ikuluikulu m'mbali mwa Zambezi. Banja la Pereira, limene lidalamulira dera la Makanga kumpoto kwa Tete pakati pa Achewa a Undi m'zaka za m'ma 1800, lidachokera ku Goa komweko. Agogo athu adagula mchere, sopo ndi nsalu m'makantina a Amwenye. Padagwa nthawi yowawa kumapeto kwa 1961, India italanda Goa m'manja mwa Apwitikizi, pamene boma la atsamunda lidatsekera ndi kuthamangitsa Amwenye amene adali nzika za India. Koma mabanja ambiri adatsala, ndipo zidzukulu zawo ndi nzika monga wina aliyense wobadwira muno.

Zaka zonsezi zidasiya mapazi ake m'mphika mwathu. Mwana wasukulu amene amagula buledi ndi badjia m'mawa sadziwa kuti dzina la chitumbuwa cha khobwecho lidachokera ku bhajia wa ku Gujarat. Samusa, chapati, acha wa mango osapsa ndi kale wothira mu nkhuku, zonsezi zidadza njira yomweyo. Mango enieniwo kwawo ndi ku India. Mpunga, nthochi, koko ndi nzimbe zidawoloka nyanja kuchokera kum'mawa kalekale kwambiri kotero kuti palibe amazitcha zachilendo. Mabiringanya adasunga ngakhale dzina: Mmwenye amati baingan, Mpwitikizi amati beringela, ife timati mabiringanya, ndipo mawu atatuwa ali ndi kholo limodzi. Nanga tchainizi, amene lero amadyedwa m'mudzi uliwonse? Dzina lake likuulula lokha kwawo. Chimanga chimene timachitcha moyo wathu chidachokera ku America, pamodzi ndi chinangwa, mtedza, matimati ndi tsabola. Tikadati tichotse m'mbale mwathu chilichonse chimene chidabwera ndi mlendo, bwenzi tikugona ndi njala usiku womwewo.

Koma mabwato aja sadali kubwerera opanda kanthu. Mapira, mchewere, mawere ndi khobwe ndi mbewu za muno mu Africa zimene zidafika ku India zaka pafupifupi 3,000 zapitazo kapena kuposerapo. Ndiye mukaona paketi yolembedwa jowar m'sitolo, dziwani kuti ndi ufa wa mapira. Bajra ndi mchewere. Ragi ndi mawere omwe aja amene timachita chimera cha thobwa, kungoti kumeneko amaphikira phala la ana ndi nsima yakuda imene anthu a kumwera kwa India amainyadira. Bwemba, amene m'chigwa chino ana amangotola n'kumanyambita, kumeneko amamutcha imli, ndipo amamukanda n'kumumanga m'mapaketi kuti aziwawasitsa msuzi. Zimapweteka mtima kuona munthu wa ku Moatize akutulutsa ndalama kugula bwemba wowoloka nyanja pamene mtengo wake uli kuseri kwa nyumba.

Chipere cha dzina lina

Shelefu yaikulu m'sitolo yogulitsa zakudya za ku India ndi ya dal. Pali mapaketi achikasu, ofiira, obiriwira ndi oyera, ndipo munthu wosadziwa angaganize kuti ndi mbewu za dziko lina. Dal si dzina la mbewu imodzi, koma ndi mbewu iliyonse ya mtundu wa nyemba imene yachotsedwa khungu n'kugawidwa pakati. Toor dal ndi nandolo. Moong dal ndi mphodza, dzina limene tidalidziwira m'nkhani ya Esau. Chana dal ndi tchana, amene alimi a ku Phalombe ndi ku Thyolo amamudziwa bwino, ndipo ufa wake, wotchedwa besan, ndiwo amakazingira bhajia kwawoko. Lobia ndi khobwe.

Amayi amene adaleredwa ndi agogo aona kale kumene nkhaniyi ikupita. Kuviika nyemba kapena nandolo, kuchotsa makoko, kuwiritsa mpaka zitaphwanyika, kenaka kupukusa kuti zisalale, chimenechi ndi chipere. Dal wophika ndi chipere basi. Kusiyana kuli pa mapeto pokha. Ife timathira mchere, mwina ndi matimati, n'kuphula. Wophika wa ku India amathira kaufa ka manjano m'madzi owiritsira, ndipo chipere chikapsa amatenthetsa mafuta pang'ono pa chiwaya, n'kuponyamo mbewu za mpiru mpaka zitayamba kuthetheka, n'kuwonjezamo jeera, adyo wosinja ndi tsabola wouma, kenaka n'kukhuthulira zonsezo pamwamba pa chipere chija zikadali kulira. Ntchito ya mphindi ziwiri zokha, koma fungo lake limaitana ngakhale wodutsa pamsewu. Tidayesa ndi nsima ya mgaiwa, ndipo zimayenderana bwino lomwe monga zimachitira ndi mpunga. Kambewu ka mpiru kamene timakamva m'fanizo Lamulungu lililonse kali ndi ntchito yake kukhitchini, ndipo sikasowa kugula: mpiru wa m'dimba ukausiya kuti uchite maluwa umabala mbewu zomwezo.

Pali phindu lina limene mayi wa m'tauni angaliwerengere. Nandolo wouma wathunthu amatha maola pamoto, pamene wogawidwa pakati amapsa msanga kwambiri. M'tauni imene yakhala pamwamba pa malasha koma anthu ake ambiri amaphikira makala ogula, zimenezi si zazing'ono. Ndipo dal angapangidwe pakhomo. Viikani nandolo kwa maola angapo, muyanikeni padzuwa masiku awiri kapena atatu mpaka aumiretu, mupereni mopepuka pa mphero kuti agawike osati kusanduka ufa, kenaka petani ndi lichero. Wosweka kwambiri musataye, ndiye amapsa msanga kuposa yense. Mukayerekeza mtengo umene mavenda amagulira nandolo pamudzi ndi mtengo wa paketi ya toor dal m'sitolo, mudzaona kuti ntchito ya mphero ndi lichero ili ndi malipiro ake, kungoti malipirowo akhala akupita kwa ena.

Ndiwo zamasamba ndi zobala nazonso n'chimodzimodzi. Bonongwe kwawoko amati chaulai. Mphonda amati lauki kapena dudhi, ndipo amazifuna zanthete, zimene chikhadabo chimaloŵa pakhungu mosavuta. Chinkhupule, chimene ife timachisiya kuti chikhwime kuti tizisambira, iwo amachithyola chikadali chaching'ono n'kuphika ngati maungu anthete. Cham'mwamba timadya masamba ake okha, koma iwo amafunanso zitheba zake zazitali zija, amazidula m'zidutswa zotalika ngati chala n'kuphika mu chipere cha nandolo chothira bwemba, ndipo pakudya amatsopa zam'kati n'kutaya khungu. Mitengo ya cham'mwamba ilipo m'mipanda yambiri m'chigwa chino, zitheba zake zikungouma n'kugwa.

Pa mphonda tichenjezane mwamphamvu. Musanaphike, dulani kachidutswa n'kulawa. Ngati ikuwawa, tayani yonse, ndipo musayese kumwa madzi ake. Kuwawako ndi poizoni wa chilengedwe amene satha ndi moto, ndipo ku India komweko anthu ena adafapo atamwa madzi a mphonda yowawa poganiza kuti ndi mankhwala. Agogo athu adali kudziwa zimenezi, n'chifukwa chake mphonda zowawa ankazisiyira zikho ndi zipanda.

Therere lokha ndilo likusowa kaphikidwe katsopano kuti wogula akhutire. Ife timalikonda lotelera, lophika ndi chidulo kapena soda. Mmwenye safuna kutelerako. Amalitsuka lisanadulidwe, amalipukuta kuti liumiretu, kenaka amalidula n'kulikazinga m'mafuta ochepa popanda madzi ndiponso popanda kuvundikira, mchere n'kuthira kumapeto. Choncho amafuna therere laling'ono, lanthete, limene nsonga yake imathyoka msanga. Wogulitsa amene amadikira kuti therere likule kuti mulu uoneke waukulu adzadabwa kuona wogulayu akudutsa.

Zachilendo zenizeni

Zilipo ndithu zina zimene makolo athu sadazilime. Yoyamba ndi karela, kankhaka ka khungu la tizithupsa kamene kuwawa kwake kumaposa luni. Kuwawa kwa karela n'kwachibadwa ndipo sikofanana ndi kwa mphonda yoipa ija. Abale athu a kumwera kwa Mozambique amadya mlongo wake wotchedwa kakana, ndiye kwa iwo si nkhani. Woyamba kumene amudule mopyapyala, achotse njere zokhwima, awaze mchere n'kudikira theka la ola, afinye madzi, kenaka akazinge ndi anyezi wambiri mpaka aderere. Kunena zoona, si aliyense adzamukonda, ndipo ana ambiri adzakana. Pamamveka mbiri yoti karela amachiza matenda a shuga. N'zoona kuti amatha kutsitsa shuga m'magazi, ndipo chifukwa cha chomwecho amene akumwa mankhwala a shuga afunse kaye ku chipatala asanayambe kumudya kawirikawiri. Asasiye mankhwala chifukwa cha karela. Amayi oyembekezera ndi bwino amupewe.

Dhania, amene Apwitikizi amati coentro, ndi timasamba tonunkhira timene satiphika koma amatiwaza pamwamba pa ndiwo zitapsa. Wophika wa ku India amamufuna pafupifupi tsiku lililonse, ndipo pa ndiwo zonse zimene tatchula, ameneyu ndiye amafunsidwa kwambiri. Ena mwa ife adzati akununkha ngati sopo, ena ngati nsikidzi. Musawaseke, pakuti akatswiri adapeza kuti kamvedwe ka fungo limeneli kamayenda m'magazi a banja. Methi ndi timasamba tofanana ndi ta mtedza, towawira pang'ono, timene timakoma tikakazingidwa ndi mbatata ya kachewere. Palinso masamba a kamtengo kotchedwa kari, amene amaponyedwa m'mafuta otentha pamodzi ndi mbewu za mpiru zija.

Ku mbali ya China kuli pak choi, mbale wake wa tchainizi wathu, wa mapesi oyera ochindikala. Phunziro lalikulu limene tingatenge kwa ophika a kumeneko si mbewu ayi, koma moto. Iwo amatenthetsa chiwaya kwambiri, amaponyamo adyo ndi jinja, kenaka masamba, amatakasa kwa mphindi zitatu kapena zinayi n'kuphula masamba akadali obiriwira ndi okhutchuka. Ife tidazolowera kuwiritsa masamba mpaka asinthe mtundu, mwina n'kuthiramo soda amene amawononga mavitamini ena. Sitikunena kuti tisiye kutendera, pakuti nkhwani wotendera alibe mnzake pa dziko lonse. Tikungoti mpiru, repu ndi tchainizi wa masiku onse angaphikidwe mwanjira iyi tsiku lina, makala n'kutsalako.

Polowa m'sitolo, lamulo loyamba n'lakuti musagule zambiri. Zokometsera ndiwo zimatha mphamvu msanga m'kutentha kwa ku Moatize, ndipo paketi yaikulu imene yakhala chaka pa shelefu ya m'khitchini imasanduka fumbi lachikasu. Kuti muyambe, zinthu zinayi n'zokwanira: manjano, amene pa paketi amalembedwa haldi kapena açafrão, jeera, amene Apwitikizi amati cominho, mbewu za dhania, ndi tsabola amene muli naye kale. Adyo, jinja ndi anyezi mugule pamsika kwa alimi anzathu. Ambiri amadabwa kumva kuti ku India kulibe ufa umodzi wotchedwa kale. Banja lililonse limasakaniza zake, ndipo mawu oti masala amangotanthauza msakanizo. Kale wa m'timapepala amene timagula pa golosale ndi msakanizo wotero, ndipo chikasu chake ndi manjano.

Ngati n'kotheka gulani mbewu zathunthu, muzikazinge pang'ono pa chiwaya chouma n'kusinja nokha m'kamtondo. Ufa wogulitsidwa poyera, wopanda dzina la wopanga, ukhoza kukhala wosakanizidwa ndi ufa wina kapena utoto. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Paketi ya dal kapena ya ufa muitembenuze n'kuyang'ana pansi pake: mukaona fumbi kapena timabowo pa mbewu, anankafumbwe afika kale. Yang'ananinso tsiku lothera ntchito, limene limalembedwa validade m'Chipwitikizi kapena best before m'Chingerezi. Mapaketi ena a ku India amalemba tsiku lopakira ndi chiwerengero cha miyezi, ndiye muwerengere nokha. Atta ndi ufa wa tirigu wosachotsa gaga, tinganene kuti mgaiwa wa tirigu, ndipo tirigu amalimidwa ku Tsangano konkuno. Basmati ndi mpunga wonunkhira wa mtengo wokwera, koma amene angapeze kilombero wa ku Karonga sadzamusowa kwenikweni.

Botolo la msuzi wakuda wa soya, limene limalembedwa molho de soja kapena soy sauce, lifuna kusamala. Supuni imodzi yaikulu ili ndi mchere wofika pafupifupi theka la magalamu 5 amene bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse limati munthu wamkulu asapyole patsiku. Mukathira msuziwu musathirenso mchere, ndipo odwala matenda othamanga magazi awerengere madontho. Mafuta a chitowe nawo amathiridwa pang'ono kumapeto chifukwa cha fungo, si okazingira. Chitowe chimenechi n'chomwe chimalimidwa ku Mutarara ndi ku Nsanje n'kutumizidwa ku Asia m'matumba.

Alongo athu amene apeza ntchito yophika m'nyumba za alendowa adziwe chizindikiro chimodzi. Pa mapaketi a ku India, kadontho kobiriwira m'kabokosi kobiriwira kamatanthauza kuti m'chakudyacho mulibe nyama, nsomba kapena mazira. Ahindu ambiri sadya ng'ombe, ndipo ena sadya nyama ya mtundu uliwonse. Asilamu sadya nkhumba. A chipembedzo cha Jain sadya ngakhale anyezi ndi adyo. M'nyumba zina mphika umene waphikira nyama suloledwa kuphikira masamba, ngakhale utatsukidwa chotani. Izi si mwano kapena kunyansidwa ndi wophika, ndi chikhulupiriro chawo, ndipo wantchito amene afunsa tsiku loyamba amasunga ntchito yake. Safunsa adadya phula. Chimodzimodzinso tikaitana mnzathu wa kuntchito kuti adzadye nafe: chipere cha nandolo, bonongwe wotendera ndi mpunga ndi chakudya chimene pafupifupi mlendo aliyense wa ku India angadye ndi mtima wokhazikika.

Kodi tibzale?

Funso limeneli ndilo lili ndi ndalama za banja m'kati mwake, ndipo tili ndi chitsanzo chimene alimi a ku Zóbuè, ku Mwanza ndi ku Neno sadachiiwale. Mitengo ya nandolo itakwera ku India, nduna yaikulu ya dzikolo, a Narendra Modi, idafika ku Maputo mu Julayi 2016, ndipo maiko awiriwa adasainirana pangano loti India azigula matani 100,000 pachaka, kukwera mpaka 200,000 pofika 2021. Alimi a mbali zonse ziwiri za malire adadzaza minda ndi nandolo. Koma mu 2017 India adakolola wake wochuluka, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho adaika malire pa nandolo wolowa m'dziko lake. Mtengo udagwa moti ena adasiya nandolo kuti aumire m'munda, fizi ya ana ili pakhosi. Pangano la Mozambique lidawonjezedwa, ndipo Malawi naye adasaina lake la matani 50,000 pachaka mu 2021, koma amene adapsa mu 2017 adaphunzira kuti msika wa wogula mmodzi umatsekedwa ndi cholembera cha munthu wokhala kutali. Chodabwitsa n'chakuti m'chaka chimenecho mabanja ambiri adali ndi nandolo wodzaza matumba koma ndiwo zikusowa, chifukwa adazolowera kumuona ngati wogulitsa, kapena womudya wamuwisi yekha m'nyengo yake.

Msika wa ndiwo za alendo ngwaung'ono kwambiri kuposa wa nandolo, ndipo umadalira migodi. Tidaona eni migodi akusintha kangapo m'zaka zochepa. Ophika a ku Brazil adapita ndi zofuna zawo, ndipo a ku India nawo adzakhala malinga ndi mtengo wa malasha. Makhitchini akuluakulu odyetsa antchito amagula mwa makontirakiti, amafuna katundu wochuluka, wofanana, sabata ndi sabata, ndiponso malisiti, zimene mlimi mmodzi payekha sangakwanitse pokhapokha atagwirizana ndi anzake. Khomo lotseguka kwa mlimi wamng'ono ndi la mabanja, la malo odyera ndi la masitolo ang'onoang'ono. Ndiye maganizo athu ngakuti mlimi ayambe wapita kukafunsa wogula chimene akufuna, kuchuluka kwake ndi tsiku lake, kenaka apatule bedi limodzi kapena awiri, osazula kabichi ndi matimati amene amagulidwa ndi aliyense pa Kwachena ku Tete kapena pamphambano ya Mussacama. Ndipo abzale zimene banja lake lingadye ngati wogula sabwera. Therere, mphonda, mabiringanya, bonongwe ndi pak choi sizingatayike. Karela yekha ndiye angakusiyeni ndi dengu lodzaza.

Tisaiwalenso kuti mwayi umenewu sudagawidwe mofanana. Pakati pa 2009 ndi 2010 mabanja 1,365 adasamutsidwa kuti mgodi wa Moatize uyambe, ambiri mwa iwo kupita ku Cateme, makilomita pafupifupi 40 kuchoka m'tauni. Anthu a ku Capanga, amene ankalima madimba m'mbali mwa mtsinje wa Revúbuè n'kumagulitsa ndiwo pafupi, adapititsidwa ku Mwaladzi kumene madzi adali ovuta. Anthu amene ankadziwa bwino ntchito ya dimba adachotsedwa pafupi ndi msika pa nthawi yomwe msikawo unkakula. Kwa iwo, nandolo ndi cham'mwamba, zimene zimapirira chilala, ndiponso ntchito ya mphero ndi lichero ija, n'zapafupi kuposa pak choi wofuna kuthirira m'mawa ndi madzulo.

Nthaka ndi nyengo zagawa kale ntchito pakati pa kumtunda ndi kumunsi. Karela, mphonda, chinkhupule, therere ndi kamtengo ka kari zimakonda kutentha, ndiye zimachita bwino ku Moatize pamene pali madzi. Dhania, methi ndi pak choi zimakonda kuzizira. Dhania akaona dzuwa la Okutobala amathamangira kuchita maluwa masamba asanachuluke, choncho malo ake ndi ku Zóbuè ndi kumapiri, makamaka kuyambira Epulo mpaka Ogasiti. Mbewu siivuta: dhania ndi methi wathunthu wa m'sitolo, ngati sadakazingidwe, kawirikawiri amamera, ndipo mungayese mbewu khumi pa kansalu konyowa musanafese bedi lonse. Kambewu ka dhania kali ndi mbali ziwiri, ndiye kakhuleni pang'ono ndi botolo kuti kagawike musanafese. Safuna kuwokera, mufese pamalo pamene adzakulire. Methi amakololedwa pakatha masabata atatu kapena anayi, dhania pakatha anayi mpaka asanu ndi limodzi. Popeza wogula amafuna kamtolo kakang'ono koma tsiku ndi tsiku, fesani mzere umodzi sabata iliyonse m'malo mofesa bedi lonse kamodzi. Dhania amafota msanga akazulidwa, ndiye amene akutsika naye pa chapa kupita ku Moatize amuzule ndi mizu yomwe m'bandakucha, amukulunge m'nsalu yonyowa kapena m'masamba a nthochi, ndipo amuike pamwamba pa dengu, osati pansi pa kabichi.